Maroka Awiri a Silinda Sikisi

Tsiku limene ndinachotsa chivundikiro cha kumanja pa injini ya bambo, ndinawerenga maroka katatu. Koyamba ndinapeza sikisi. Ndinatikita m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kuwerenganso, sikisi yemweyo. Kachitatu ndinachita kuwagwira limodzilimodzi ngati mwana wophunzira kuwerenga. Pamzere woyenera kukhala maroka eyiti panali mpata wa awiri, ngati m'kamwa mwa munthu woguluka mano.

Ndinangoti kakasi, sipanala ili m'manja.

Kwa amene simunasuzumirepo m'boneti ya magalimoto akalekale aja, injini yake imakhala ndi masilinda eyiti, anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, atapendekera ngati chilembo cha V. Silinda iliyonse ili ndi mavalavu awiri, ina yolowetsa mafuta, ina yotulutsa utsi. Pamwamba pa valavu iliyonse pamakhala roka, kachitsulo kogwedera uku ndi uku. Ndodo yochokera pansi imakankha roka mbali imodzi, ilo n'kudinikiza valavu mbali inayo kuti itseguke. Pakati pa roka ndi valavu pamasiyidwa kampata kongokwana timapepala tochepa. Ukathinitsa kwambiri valavu imapsa, ukalekerera injini imalira ngati makina osokera. Kuseta kampata kameneko ndiyo ntchito imene inatchukitsa bambo anga.

Dzina lawo lenileni ambiri sankalidziwa n'komwe. Ankangoti a Eyiti, chifukwa cha galimoto yawo ya masilinda eyiti yomweyi, yaitali, yabuluu, yolemera ngati nyumba. Inali ndi kaliridwe kakekake: du-du-dum, n'kukhala ngati yapuma pang'ono, du-du-dum. Ikamabwera, tinkaimva isanakhote pakona. Amakaniko anzawo ankawafunsa chinsinsi chake, iwo n'kungoseka: "Zili m'mavalavu, achimwene." Koma mavalavu a galimoto imeneyi ankaseta okha, m'shedi ya kuseri kwa nyumba, chitseko atakhoma.

Ine chikhalireni ndimakonda zitsulo. Ku galaja kwawo ankandilola kutsuka mabauti ndi kuwapatsira zipangizo, koma kuyambira ndili ndi zaka naini, ndikangoyandikira galimoto yabuluuyo ankakalipa ngati ndaponda mbendera: "Choka pamenepo iwe!" Achimwene anga, amene mpaka lero sasiyanitsa batire ndi wayilesi, ankaloledwa kuitsuka, atakula n'kumaiyendetsa. Ndiye mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinati n'chifukwa choti ndine mkazi. Mkwiyo umenewo ndinapita nawo ku sukulu ya umakaniko, ndinatuluka nawo, ndipo lero ndine kapitawo wa wekishopu ya malole, ndili ndi amuna thwelofu pansi panga. Zonsezo bambo sananenepo ngakhale kamodzi kuti, "Mwanawe wakhoza."

Kenako sitiroko inawagwetsa. Mbali yonse ya kumanja inafa, mawu anapita, kunangotsala kubuula. Dokotala anatiuza mosapsatira kuti ina ikhoza kubwera tsiku lililonse. Galimoto inali itakhala m'shedi zaka zitatu osaliza. Ndinatenga tchuthi cha sabata imodzi ndi cholinga chimodzi basi: ndiidzutse ndi manja angawa, ilire iwo akumva, andigwedezere mutu kamodzi kokha asanatisiye. Sindinkafuna china.

Ndiye taonani, tsiku loyamba lomwe, maroka awiri palibe. Ndodo zake zomwe palibe. Onse anali a silinda ya nambala sikisi.

Ndinaimbira achimwene nthawi yomweyo. Iwo ndi telala, ndipo ndinkamva makina akulira kumbuyo kwawo.

"Achimwene, maroka a bambo munagulitsa kwa ndani?"

"Ma chiyani?"

"Musandipusitse. Kiyi wa shedi amasunga ndi inu."

"Iwe, ine chinthu chimenecho ngakhale utandiikira m'mbale sindingachidziwe. Ndi chozungulira kapena chachitali?"

"Mbava imafunsa choncho kumene!"

"Ndiwe wamwano wake, wamva? Kodi ukaliwu unayamwira kuti?"

Ndinadula foni. Mtima wanga unali utagamula kale mlandu, ndipo ine ndikagamula, ngakhale mubwere ndi mboni khumi, mwangotaya nthawi.

Lachitatu ndinapita kwa a Magalasi, mnzawo wa bambo wakalekale, amene kuseri kwa nyumba yawo kuli mulu wa mainjini akufa. Anavundukula malata, n'kufufuza kwa ola lathunthu akutukwana dzimbiri, mpaka anapeza maroka awiri ndi ndodo zake, zofanana ndendende.

"Tenga, mwanawe. Za a Eyiti sitiwerengera," anatero akupukuta magalasi awo okhuthala aja ndi malaya. "Koma tsiku loiliza undiitane. Makutu angawa akufuna amvenso nyimbo ija ndisanafe."

Ndinawauza kuti abwere Loweruka m'mawa, atengenso a Wotcherera, mnzawo wina amene anagwira ntchito ndi bambo zaka zambiri. Ndinene zoona, sindinawaitane chifukwa cha ulemu. Ndinkafuna mboni. Ndinkafuna madoda aone ndi maso awo mtsikana uja ankathamangitsidwa.

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo ali pa chikuku chawo pakhonde, bulangete pamiyendo. Ndinagwada n'kuwaonetsa zimene ndabweretsa.

"Bambo, taonani. Anakuberani maroka a sikisi, koma ndapeza ena."

Nkhope yawo inasintha. Diso la kumanzere linatong'oka, mlomo unanjenjemera, ndipo dzanja lawo lamoyo lija linatsomphola roka limodzi m'manja mwanga n'kulibisa pansi pa bulangete. Anayamba kubuula mokweza, mutu ukupukusika.

"Bambo, bweretsani."

Anakana.

"Mpaka lero? Mpaka lero mukuona ngati sindingathe?"

Ndinachita chinthu chimene ndikachikumbukira thupi limachita tsembwe. Ndinapisa dzanja m'bulangetemo n'kuyamba kutambasula zala zawo chimodzichimodzi. Munthu wodwala, koma dzanja limenelo linali ndi mphamvu ya zaka makumi anayi za kumanga mabauti. Ndinalimbana nalo mpaka ndinalanda. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope yawo, ine n'kuima n'kumapita ku shedi.

Amayi anaona zonse ali pakhomo la khitchini. Ananditsatira.

"Mwanawe, bwanji osangoisiya galimotoyo?"

"Nanunso amayi? Mwagwirizana?"

"Ayi, koma bambo ako sakufuna."

"Sanafunepo chiyambire. Nenani chifukwa, ndisiya pompano."

Amayi anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, kenako anabwerera ku khitchini akupukusa mutu. Ine ndinati ndawagonjetsa.

Lachinayi ndinasintha oyilo, ndinatsuka thanki ndi kabuleta yosakaniza petulo ndi mpweya ija, ndinaika batire yatsopano. Lachisanu ndiye linali tsiku la mavalavu. Ntchito imeneyi ndimaikonda kuposa ina iliyonse, chifukwa siifuna mphamvu, imafuna kudekha. Umaika sipanala yaikulu pa nati ya pule kutsogolo kwa injini, n'kumazungulitsa pang'onopang'ono, maso ali pa maroka. Valavu ya utsi ikangoyamba kutseguka, umaima n'kuseta inzake ya mafuta. Ya mafutayo ikamatsala pang'ono kutsekeka, umaseta ya utsi. Umamasula kanati, umalowetsa kalilime ka filageji, chipangizo choyezera mipata, pampata paja, n'kumapotoza mpaka kazikoka pang'ono chabe, ngati mpeni ukudutsa m'sopo. Ukamanga kanati umayezanso, chifukwa pomangapo mpata umatha kusuntha.

Maroka akale aja ndinawapeza ali bwinobwino. Zaka zitatu galimoto ili chiimire, koma mipata yake inali yolongosoka moti ena sindinawakhudze n'komwe. Ndinasirira, ngakhale ndinali wokwiya.

Nditafika pa sikisi ndinalowetsa ndodo zija, ndinakhazika maroka awiri atsopano, n'kuwaseta mosamala kuposa onse. Pamenepo ndinaonanso chinthu china chodabwitsa. Waya wa pulagi yoyatsa moto mu sikisi sunali pa pulagi. Unali utamangiriridwa pa bauti ya m'mbali mwa injini, mwaluso ndithu, ndi kawaya kopota. Pulagi yakenso nditaimasula inali yoyera ngati yochokera m'sitolo dzulo. Makaniko wa nzeru zake akanaima pomwepo n'kudzifunsa kuti mbava yanji imaba maroka n'kukhala ndi nthawi yomangirira waya mokongola chonchi. Ine ndinangoti, "Zitsiru zinazi," n'kubwezeretsa pulagi ndi waya wake.

Panali chinthu chimodzi chimene anyamata anga ku ntchito ndimawakalipira tsiku ndi tsiku akachidumpha: injini yokhalitsa usanailize, yeza kompulesheni ya silinda iliyonse. Umamva ngati pisitoni ikupanikiza mpweya kapena ayi. Geji yake ndinali nditaiiwala ku ntchito. Ndikanatha kungotseka bowo la pulagi ndi chala chachikulu wina akuzungulitsa, monga ankachitira akale. Koma ndinati, aa, injini ya a Eyiti ingakhale ndi vuto la kompulesheni? Ndinali pa liwiro lofuna kutamandidwa.

Tsiku lonselo bambo anali pakhomo la shedi. Anakakamira mpaka amayi anawakankhira pamenepo. Ankamenya lata la chitseko ndi ndodo yawo, gwa, gwa, gwa, osalekeza. Mutu utayamba kundiwawa ndinasamba m'manja, ndinawakankha mpaka pabalaza, ndinawatsegulira wayilesi, n'kutseka chitseko.

Loweruka cha m'ma naini a Magalasi anafika atavala jekete, ngati akupita ku ukwati. A Wotcherera anabwera pa njinga. Achimwene anabweranso, nkhope ili ndwii, akuti akufuna aone zinthu zimene akuti anaba zija. Amayi anatulutsa mipando. Bambo tinawaika chapatali ndi galimoto, mwina mapazi khumi ndi awiri, n'kumanga mabuleki a chikuku. Tsikulo sankabuula. Ankangopuma mofulumira, diso lili pa ine.

Zivundikiro za maroka ndinangozikhazika osamanga mabauti, kuti injini ikatentha ndiyezenso mipata. Achimwene ndinawauza akhale pa chiwongolero.

"Ndikati tiyeni, mupotoze kiyi. Ndikati basi, musiye. Mutha zimenezo, kapena ndijambule?"

"Uzilankhula bwino pamaso pa akuluakulu," anatero achimwene.

Ndinathira petulo pang'ono m'kamwa mwa kabuleta, monga timachitira tonse ndi injini yogona. "Tiyeni!" Inazungulira, inatsokomola, n'kukhala chete. Ndinathiranso. Inatsokomola kawiri. A Magalasi anaseka n'kunena kuti nkhalamba siidzuka ndi kuitana kumodzi. Kusekako kunandilasa, ndiye kachitatu ndinathira mowolowa manja, pafupifupi theka la kapu, n'kuwerama pa injini kuti ndigwire waya wa mafuta.

"Tiyeni!"

Sindinamve phokoso. Anthu amati linamveka mpaka ku msewu waukulu, koma ine ndinangoona kuwala, kenako ndinapezeka ndili chagada pa simenti, ndikuyang'ana denga. Chivundikiro cha kumanja chinali chitaboola lata n'kukakamira momwemo. M'makutu munkangolira nsii. Fungo la tsitsi lopserera linali langa lomwe. Ndinaona a Wotcherera akukhuthulira ndowa ya mchenga pa injini, malawi akutuluka m'mbali, achimwene akutuluka m'galimoto chokwawa, pakamwa pali yasa.

Ndinadzuka n'kukhala tsonga. Manja analipo, maso ankaona. Kenako ndinacheuka.

Chikuku chinali chopanda munthu.

Bambo anali pansi, chafufumimba, pafupi ndi tayala lakutsogolo, dzanja lawo lamoyo litatambasukira kumene ndinaima ine. Bulangete linatsala m'mbuyo. Chigongono chinali chitasupuka, magazi ali pa simenti mzere wautali. Mwendo umodzi unali utapindikira kumene mwendo supindikira.

"Mayo ine! Mayo ine, amuna anga!" Mawu a amayi ndiwo anali oyamba kulowa m'makutu mwanga.

Kuphulikako sikunawagwetse ayi. A Magalasi ananena pambuyo pake kuti pamene ndinkathira petulo kachiwiri anamva chinthu chikugwa kumbuyo, koma maso a tonse anali pa injini. Bambo anadzigwetsa okha pa chikuku n'kuyamba kudzikoka ndi dzanja limodzi, kubwera kwa ine. Anatsala ndi mapazi awiri okha kuti andifike.

Tinawanyamula n'kuwagoneka m'galimoto yanga. Ndinafuna kuyendetsa koma kiyi ankandipulumuka m'manja. Achimwene anandilanda.

"Iwe tsala. Wachita zokwanira," anatero, osandiyang'ana.

Anapita ndi amayi. Ndinatsala m'shedi ndi madoda awiri aja, utsi ukutuluka pa bowo la denga. Kenako a Magalasi anavula jekete n'kulipachika pa msomali.

"Injini siphulikira m'mimba popanda chifukwa," anatero. "Moto umenewu wachokera pansi, mu sampu, mosungira oyilo muja. Wafikako bwanji? Mwanawe, wagwira chiyani chimene sichinalipo?"

Ndinaloza sikisi. Ndinawauza za maroka, za waya womangirira pa bauti, za pulagi yoyera. Madoda aja anayang'anana.

"Masula pulagiyo."

Ndinamasula. A Wotcherera anatola waya wautali wowotcherera, wautali ngati mkono, n'kuulowetsa pa bowolo. Pa injini iliyonse waya wotero umalowa pang'ono n'kugunda pamutu pa pisitoni. Uwu unalowa. Unalowabe. Unapitirira mpaka zala zawo zinafika pa bowo, ndipo pansi penipeni tinamva kuti ngwe.

"Zungulitsa," anatero a Wotcherera, mawu atasasa.

Ndinaika sipanala pa pule n'kuzungulitsa kawiri konse. Palibe chinakwera kudzakankha wayayo.

"Ayi," anatero a Magalasi. "Ayi, ayi, ayi. Sizoona."

Tinakweza galimoto pa jeke, ndinalowa pansi n'kumasula sampu, imene inali itafufuma ngati mimba. Ndinaunika ndi tochi. Mapisitoni seveni anali m'malo mwake. Silinda ya sikisi inali dzenje lopanda kanthu, ndipo m'khoma mwake munali mng'alu wautali kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mkono wa pisitoni unali utadulidwa ndi sowo, n'kupalidwa bwinobwino, ndipo pa chitsa chotsalacho panali patawotchereredwa kachitsulo kolemera kuti injini isamagwedezeke kwambiri. Ntchito yake inali yaukhondo moti ndinaizindikira. Linali dzanja la bambo.

Ndinatuluka pansipo. Madoda aja analowa mmodzimmodzi kukadzionera okha. A Magalasi anakhala pansi penipeni, pa simenti ya oyilo, ndi buluku lawo la ukwati lija.

Zonse zinaonekera poyera. Bambo anachotsa maroka dala kuti mavalavu a sikisi akhale chitsekere, ndipo waya anaumangirira pa bauti kuti moto usamalowe m'dzenjemo. Ine ndinabwera ndi nzeru zanga za ku sukulu n'kutsegula zitseko zonse ziwiri. Petulo amene ndinkathira uja ankatsikira pa valavu n'kugwera mu sampu, kenako pulagi yanga yoyera ija inamuyatsa.

"Seveni," anatero a Magalasi. "A Eyiti ankayendera seveni! Ine ndakwera galimoto imeneyi kangati? Ndinapita nayo kukatenga mkazi wanga ku chipatala. Ndimati ndili ndi makutu ine?"

"Nyimbo ija," anatero a Wotcherera atagwira m'mutu. "Kupuma kuja. Kunali kutsimphina!"

"Ukudziwa kuti ndinapsereza mavalavu a galimoto ya mlamu wanga ndikufuna kaliridwe kameneka? Miyezi itatu ndikuthinitsa, ndikumasula, ndikuthinitsa. Ndikafunsa, mdala ameneyu n'kumangoti zili m'mavalavu!"

A Wotcherera anayamba kuseka, kuseka kosakoma, mpaka anapukuta misozi. Ine sindinaseke. Ndinali nditaitana mboni kuti zidzaone ulemerero wanga, ndipo zimene zinaona ndi chinsinsi chimene bambo anachibisa moyo wawo wonse. Pofika madzulo makaniko aliyense m'tauni akanakhala atamva.

A Magalasi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Koma mwanawe, safunsa anadya phula. Unayeza kompulesheni?"

Ndinayang'ana pansi.

Ku chipatala ndinafika cha m'ma thuu masana, nsidze palibe, chipumi chili ndi matuza. Achimwene anali ataima pa zenera la m'khonde. Ndinawauza kuti sanabe kanthu, ndipo ndinapepesa. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo madokotala akukayika ngati thupi la bambo lingapirire opaleshoni. Mwina sadzakhalanso tsonga pa chikuku.

Amayi anali pa benchi. Ndinakhala pafupi nawo.

"Amayi, m'galimoto muja mulibe pisitoni imodzi. Munkadziwa?"

"Maina a zitsulo sindiwadziwa," anatero. "Ndinkangodziwa kuti ili ndi bala m'kati. Ndikanadziwa kuti ingaphulike, ndikanaswa lumbiro Lachitatu lomwe lija. Ndimayesa ingokana kulira, iwe n'kutopa nayo."

"Lumbiro lanji?"

Anapinda mpango wawo kanayi asanayankhe.

"Unali ndi zaka naini. Bambo ako anatsegula chakumwamba kuja, kumene umathira petulo lero, n'kulowa m'nyumba kukamwa tiyi. Atabwerako anatseka n'kunyamuka. Iwe unabwera ku khitchini ukudumphadumpha, ukuti, 'Amayi, galimoto inayasamula ndiye ndaidyetsa kanati.' Ine ndinaseka, sindinadziwe kanthu. Sanafike patali. Anabwera nayo akuikoka ndi chingwe."

Sindinkakumbukira chilichonse.

"Atatsegula anakapeza kanati kako m'kati, katanyenya zonse. Anati khoma lang'aluka, ngakhale ataika chitsulo chatsopano sichingagwire, ndipo injini ina yotero kunalibe koipeza. Anadzitsekera m'shedi masiku atatu. Atatuluka anandilumbiritsa kuti usadzamve."

"Chifukwa chiyani? Akanandimenya n'kutha!"

"Anati mwana wokonda zitsulo chonchi akadziwa kuti anapha injini, adzaopa sipanala mpaka kalekale."

"Nanga kundithamangitsa kuja? Zaka zonsezi, amayi?"

"Ankakuopa."

"Ine?"

"Khutu lako. Sukukumbukira uli ndi zaka thwelofu, galimoto ikulowa pageti, iwe n'kunena kuti, 'Bambo, galimotoyi ikutsimphina'? Madoda onse aja ankaombera m'manja kaliridwe kake, kamwana n'kumva zoona. Usiku wake sanadye. Anati uyu akangoyandikira boneti, tsiku limodzi adzawerenga maroka n'kuyamba kufunsa. Mchimwene wakoyu ankamulola chifukwa ngakhale injini itachotsedwamo yonse sangadziwe."

"Ndikumva, amayi," anatero achimwene ali pa zenera paja.

Ndinkafuna kulira koma misozi inakana. Ndinkangoona zala zija ndikuzitambasula chimodzichimodzi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndiponso ndinakwiya, inde ndinakwiya, chifukwa zaka twente-seveni ndi zambiri kuti munthu azidana ndi bambo ake pa chifukwa cholakwika.

Namwino atatilola kulowa, achimwene ndi amayi anandisiya ndipite ndekha. Bambo anali chagada, chigongono chili m'bandeji, nkhope itatuwa. Diso lawo linandiyendera kuyambira kumutu mpaka m'manja, likuwerenga zala zanga. Litatsimikiza kuti zonse zilipo, anapuma mpweya wautali.

Ndinagwada pambali pa bedi.

"Bambo, ndaona. Amayi andiuza zonse. A Magalasi ndi a Wotcherera aonanso, ndipo ndinawaitana ndine. Pepani. Pepani za Lachitatu, pepani za wayilesi ija, pepani za kanati."

Sanasonyeze chilichonse. Ndinaganiza kuti mwina mankhwala awaledzeretsa ndipo sakundimva. Kenako anakweza dzanja lamoyo lija n'kugwira langa. Anapinda zala zanga kuti zikhale ngati kabowo, n'kuika chala chawo chachikulu pamwamba pake, kudinikiza, kuchotsa, kudinikizanso. Anandiyang'ana, nsidze imodzi itakwera.

Ndinamva funsolo bwinobwino.

"Ayi, bambo. Sindinayeze."

Anatseka diso ngati munthu amene wamva zonyansa. Kenako anapinda chala chapakati n'kundigogoda nacho pachipumi, go, pa matuza penipeni.

Ku galaja kwawo, makaniko akadumpha ntchito ankalandira chimenechi, ngakhale akhale wa ndevu, ngakhale pali kasitomala. Ana, makasitomala ndi anthu ongodutsa sankagogodedwa, ngakhale atalakwa chotani. Ine ndinali ndi zaka sate-sikisi ndipo kanali koyamba.

Zinawawa kwambiri. Ndinagwira bedi ndi manja awiri, misozi ija n'kubwera tsopano, ndipo namwino anathamanga kudzafunsa chimene chachitika.